Mfuko ndi ndere za sphagnum: chili pangozi ndi chiti?

M'minda ya chinangwa ya ku Nkhotakota yomwe imatsetserekera kudambo, timilu ta dothi ta mfuko timakhala ndi malire ake. Kumtunda, kumene dothi ndi lamchenga ndipo madzi sakhalitsa, timapezeka mondondozana. Mukamatsika n'kufika pomwe phazi limatitimira m'dzinja, timilu tija timatha. Amene amadula malirewo ndi madzi a pansi pa nthaka, chifukwa mfuko imafuna kuti madziwo akhale pansi pa una wake nthawi zonse. Pali chomera china chimene chimafuna zosiyana kotheratu, kuti madzi afike pamwamba penipeni chaka chonse. Chomeracho ndi ndere zotchedwa sphagnum. Kuika ziwirizi pamodzi kumathandiza kumvetsa mmene dambo limakhalira lamoyo, komanso mmene mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi ungasokeretsere munthu woona mutu wokha.

Ndere zimenezi si zoterera zija zomera pamiyala ya m'nyanja, zimene mbuna zimadya. Sphagnum ndi kachomera kokhala ndi tsinde ndi masamba, kopanda mizu, maluwa kapena mbewu, ndipo padziko lonse pali mitundu yake yoposa 300. Imamera mochuluka kwambiri ku Canada, Russia ndi kumpoto kwa Ulaya. Kuno kwathu imamera m'malo okwera ndi ozizira, monga m'zithaphwi za pa Nyika, pamtunda woposa mamita 2,000, ndi pa phiri la Mulanje, pomwe akatswiri a bungwe la British Bryological Society adakasonkhanitsa ndere zamitundumitundu mu 1991. M'madambo a m'mbali mwa nyanja, ku Chia kapena kumathiriro a Bua, musavutike kuifunafuna. Kumeneko ndi kwa bango, gumbwa ndi mlulu. Nyanja ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 okha, kumatentha, ndipo madzi ake ali ndi mchere wa m'nthaka umene sphagnum sagwirizana nawo.

Mukaizula, mumapeza kamutu kothithikana pamwamba, kenako tsinde lokhala ndi tinthambi tomera m'timagulu. Tina timatambasukira m'mbali, tina timalendewera n'kukumbatira tsinde, ndipo tolendewerati ndi timene timakweza madzi kuchokera pansi. Kumunsi tsinde limakhala lofiirira, lakufa kale, koma kumwamba likukulabe. Kufinya chodzaza dzanja chimodzi kumatulutsa madzi oyera ochuluka modabwitsa. Ikauma imayera mbuu, ndipo imapepuka kwambiri.

Chinsinsi chake chili m'tsamba. Tsamba la sphagnum lili ndi maselo a mitundu iwiri: ang'onoang'ono obiriwira, amene amapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndi ena akuluakulu akufa, opanda kanthu m'kati, okhala ndi timabowo. Akufawa ndi amene amamwa madzi ngati chinkhupule, moti ndere youma yolemera kilogalamu imodzi imatha kusunga malita 16 mpaka 26, malinga ndi mtundu wake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, thonje litasowa, achipatala ankamangira zilonda za asilikali ndi ndere zimenezi chifukwa zimayamwa kuposa thonjelo.

Chachiwiri n'chakuti sphagnum imadzikonzera yokha malo okhala. Imayamwa mchere wochepa umene uli m'madzi, monga calcium ndi magnesium, n'kutulutsa asidi m'malo mwake. Madzi a m'chithaphwi chotere amawawasa mpaka kufika pa 4 kapena kutsikirapo pa muyeso wa asidi wotchedwa pH. M'madzi owawasa chonchi, ozizira ndiponso opanda mpweya wa okosijeni, tizilombo toolesa zinthu timalephera ntchito. Zakufa siziola bwinobwino, zimangounjikana n'kusanduka dothi lakuda lopepuka lotchedwa peat. Dothili limakwera ndi milimita imodzi yokha pachaka. Mita imodzi ya peat ndi ntchito ya zaka pafupifupi 1,000, ndipo khasu lingathe kuichotsa tsiku limodzi.

Madambo a peat amatenga magawo atatu okha pa magawo 100 alionse a mtunda wa dziko lapansi, koma amasunga kaboni (amene akatulukira mumpweya amatenthetsa dziko) wochuluka kuposa amene ali m'mitengo ya nkhalango zonse. Si peat yense amene amachokera ku sphagnum. Chigwa chachikulu cha peat cha ku Congo, chimene kukula kwake kudalengezedwa mu 2017, chidapangidwa ndi zinyalala za mitengo ya m'nkhalango zamadzi. Koma kumene kuli kozizira, mmisiri wamkulu ndi ndere zimenezi.

Pa nkhani ya madzi anthu amakonda kukokomeza, ngati kuti chithaphwi cha ndere chimamwa madzi onse a mvula. Chithaphwi chikakhuta sichimwanso madzi ena. Ubwino wake weniweni ndi wakuti madzi a mvula amayenda pang'onopang'ono pamwamba pa ndere, sakokolola dothi, ndipo amalowa mumtsinje ali oyera. Mitsinje ya North Rukuru ndi North Rumphi imayambira pa Nyika, ndipo South Rukuru imalandiranso madzi ochokera kumeneko. Yonseyi imathira m'nyanja yomwe asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Senga Bay amaponyamo makoka.

Kanyama kokumba ndi mano

Mfuko yofala m'minda ya chigawo chapakati ndi kummwera ndi imene asayansi amaitcha Heliophobius argenteocinereus. Wilhelm Peters ndiye adailemba koyamba mu 1846, ataipeza ku Tete m'dziko la Mozambique. Imapezekanso ku Tanzania, Kenya, Zambia ndi kummawa kwa Congo. Ndi ya m'gulu la makoswe ndi mbewa, ndipo yaikulu imalemera magalamu pafupifupi 160, ngakhale zina zimapitirira 200. Ubweya wake ndi wotuwa, wofewa ndi wonyezimira, mchira ndi waufupi, makutu akunja ilibe, ndipo timaso take timangosiyanitsa kuwala ndi mdima.

Mano anayi akutsogolo ndiwo khasu lake. Amatulukira kunja kwa kamwa, milomo n'kutsekera kumbuyo kwawo, motero imakumba osameza dothi. Manowo amakula moyo wake wonse, ndipo kukumbako kumawaperesa n'kuwanola. Dothi lokumbidwa imalikankhira kumbuyo ndi miyendo mpaka kulitulutsa kunja, n'kutsekanso pakhomo. N'chifukwa chake kamulu ka mfuko sikakhala ndi bowo poyera. Khungu lake ndi lotayirira, lomwe limailola kutembenuka m'njira yopanikiza, ndipo imathamanga chafutambuyo mosavuta.

Una wake uli ndi zigawo. Njira zofunira chakudya zimayenda pafupi ndi pamwamba, masentimita 10 mpaka 20 pansi, pomwe pali mizu ndi zikhawo. Pansi pake pali chisa choyalidwa udzu wouma, posungira chakudya, pochitira chimbudzi, ndi njira ina yotsika kwambiri yothawirako pakagwa zoopsa. Radim Šumbera, Hynek Burda ndi Wilbert Chitaukali, amene adafufuza mfuko zimenezi ku Blantyre ndi ku Mulanje, adapeza kuti una wa mfuko imodzi umatalika mamita makumimakumi, wina mpaka kupitirira 100. Mlimi aone bwino pamenepa: timilu 30 kapena 40 pamunda sititanthauza kuti mfuko zadzaza. Kawirikawiri ndi imodzi kapena ziwiri, chifukwa mtundu uwu umakhala pawokhapawokha ndipo ziwiri zikakumana zimamenyana koopsa. Achibale ake a mtundu wa Fukomys, opezeka kumpoto cha ku Nyika, ndiwo amakhala m'mabanja.

Kuswana kwake n'kochedwa poyerekeza ndi mbewa. Zimakwerana m'nyengo yozizira, bere limatenga miyezi pafupifupi itatu, ndipo ana amabadwa awiri mpaka asanu, kamodzi pachaka, mvula isanayambe kapena itayandikira. Madzi siimwa, imawapeza m'chakudya. Kuthengo imadya mizu yonenepa ya zomera za m'nkhalango za miombo, imene imakhala motalikirana, ndipo kukumba kumadya mphamvu zambiri kuposa kuyenda pamtunda. Munda wa chinangwa kapena wa mbatata umaichotsera vuto lonseli: chakudya chili pamzere, dothi ndi lofewa, ndipo chinangwa chimakhala m'nthaka chaka chathunthu kapena kuposerapo. Ku Nkhotakota, kumene nsima ya kondowole ndiyo chakudya cha mabanja ambiri, kuwonongaku kumafika m'mbale. Phesi lodyedwa limafota masana pamene anzake ali bwinobwino, ndipo mukalikoka limazuka mosavuta, chinangwa chitatsala chibade chokhala ndi mikwasa iwiriiwiri ya mano.

Sikuti ilibe ntchito yabwino. Imatulutsa dothi la pansi n'kuliika pamwamba, mauna ake akale amalowetsa madzi a mvula m'nthaka, ndipo njoka, akadzidzi ndi nyama zina zimaidya. Anthunso m'madera ambiri amaiyesa ndiwo.

Zimene mndandanda umanena, ndi zimene sunena

Bungwe loona zoteteza chilengedwe padziko lonse la IUCN, limene lidakhazikitsidwa mu 1948, lakhala likusunga mndandanda wotchedwa Red List kuyambira 1964. Chamoyo chikaunikidwa chimaikidwa m'gulu. Least Concern ndi gulu la zimene sizikudetsa nkhawa, Near Threatened ndi la zoyandikira ngozi, ndipo Vulnerable, Endangered ndi Critically Endangered ndi magulu atatu a zimene zili pangozi, lililonse loopsa kuposa linzake. Palinso Data Deficient, la zimene umboni wake ndi wosakwanira, ndi Not Evaluated, la zimene palibe adaziunika n'komwe. Pounika amayang'ana kukula kwa dera limene chamoyocho chimapezeka, kuchuluka kwake, ndi liwiro limene chikuchepera pa zaka 10 kapena pa mibadwo yake itatu.

Mfuko yathuyi ili m'gulu la Least Concern, ndipo m'pake. Ili m'mayiko angapo, imapezeka m'malo otetezedwa ndi m'minda momwe, ndipo ulimi wa chinangwa ndi mbatata umaiwonjezera chakudya. Mlimi amene wapha mfuko ziwiri m'munda mwake sanaike mtunduwo pangozi. M'kati mwa nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota ndi nkhani ina. Nkhalangoyi, yokula masikweya kilomita 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ndipo lamulo la National Parks and Wildlife Act limaletsa kusaka kapena kutchera msampha m'menemo popanda chilolezo, kaya ndi njovu kaya ndi kanyama ka m'una.

Kwa ndere zinthu zili mosiyana. Padziko lonse pali mitundu pafupifupi 20,000 ya ndere za pamtunda ndi abale ake, koma imene idaunikidwa pa mndandanda wa dziko lonse ndi yochepa kwambiri. Yambiri ya mu Africa ilibe gulu lililonse. Munthu akafufuza dzina la ndere n'kupeza kuti palibe chalembedwa, amaganiza kuti zili bwino, pamene tanthauzo lake n'lakuti palibe adakawerenga. Kumene adawerenga, zotsatira zake sizosangalatsa: ku Ulaya, kauniuni wa mu 2019 adapeza kuti magawo 22.5 pa 100 alionse a mitundu ya ndere zawo ali pangozi. Kumenekonso lamulo la European Union la mu 1992 lidaika pafupifupi mitundu yonse ya sphagnum pakati pa zomera zimene kuzula kwake kuyenera kulamuliridwa.

Ndiye kanyama kamene timakathamangitsa tsiku ndi tsiku kali ndi umboni wolembedwa wakuti kali bwino, pamene chomera chosachedwa kufa chilibe woyankhulira. Mfuko ikasowa chakudya imakumba n'kupita kwina, ana ake amayenda pamtunda kukayamba una watsopano. Sphagnum siingathawe. Kuno kwathu ili m'tizigawo ting'onoting'ono pamwamba pa mapiri otalikirana, ndipo kukatentha ilibenso kokwera. Imafalitsa mtundu wake ndi tinjere tonga fumbi totuluka m'tizibalobalo tophulika tikauma, koma tinjereto timamera pokhapokha tagwera pamalo onyowa, owawasa ndi opanda manyowa.

Choipha msanga ndi ngalande. Madzi a pansi akatsika kupitirira masentimita 40, tinthambi timalephera kuwakweza, mitu imauma, mpweya umalowa mu peat, ndipo zimene zidasungika zaka mazanamazana zimayamba kuola n'kutulutsa kaboni. Nthaka imatitimira. Moto ukadutsa m'chilimwe, peat youma imanyeka chapansipansi kwa masabata, monga zidachitikira ku Indonesia mu 2015. Feteleza, phulusa ndi ndowe za ng'ombe zimaiphanso, chifukwa zimachotsa kuwawasa kuja n'kupatsa mphamvu udzu wautali umene umaiphimba.

Kubwezeretsa n'kotheka koma n'kodula. Njira imene Line Rochefort ndi anzake adaikonza ku Université Laval m'dziko la Canada imayamba ndi kusalaza malo owonongeka. Kenako amameta masentimita 10 a pamwamba pa chithaphwi chamoyo, n'kuwaza zidutswazo pamalo okula kakhumi kuposa pomwe ametapo. Amaphimba ndi mapesi okwana makilogalamu pafupifupi 3,000 pa hekitala kuti zisapse ndi dzuwa, n'kutseka ngalande zonse. Ndere zimaphukanso patapita zaka zingapo, koma peat imene idapita siibwerera m'moyo wa munthu mmodzi.

Dziko la Malawi lili m'pangano la Ramsar loteteza madambo, limene lidasainidwa ku Iran mu 1971, ndipo malo athu olembedwa m'panganoli ndi nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh, limene lidalowa mu 2017. Onsewa ndi madambo akuluakulu a kuchigwa. Tizithaphwi ta kumapiri timadalira chitetezo cha paki kapena nkhalango imene tilimo, ndipo madambo ang'onoang'ono a m'midzi amadalira mfumu, komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi ndi eni madimba.

Pamunda ndi pa nazale

Ngakhale madambo a ku Nkhotakota alibe sphagnum, lamulo la madzi a pansi ndi lomwelo. Dambo likakumbidwa ngalande yakuya pakati, madzi amatsika, dothi lakuda limauma n'kung'aluka, mlulu umatha, ndipo zitsime za m'mphepete zimaphwa msanga. Zikatero mfuko, imene kale inkaletsedwa ndi madzi, imatsikira m'dimba momwe muli mbatata. Mwini dimba akamadandaula kuti mfuko zachuluka masiku ano, ndi bwino ayambe wayang'ana kuya kwa ngalande yake. Kulima m'mphepete, kusiya pakati pa dambo ndi pa kasupe pali udzu wake, ndi kukweza mabedi m'malo mozamitsa ngalande, kumasunga madzi pafupi. Mtsinje wa Bua, umene mpasa zimakwera kukaswana, umachokera ku Mchinji n'kudutsa m'madambo ambiri otere usanatsikire kuno.

Pogwira mfuko, njira yodalirika imatsamira pa khalidwe lake lodana ndi khomo lotseguka. Sankhani kamulu katsopano, kamene dothi lake likadali lonyowa. Kasalazeni, fufuzani njira ndi kamtengo, tsegulani bowo, ndipo palani dothi la pamwamba pa njirayo kwa theka la mita kuti denga lipyapyale koma lisagwe. Imani phee kumbali, chithunzithunzi chanu chisagwere pabowo. Mfuko ikamva mpweya ukulowa imabwera ikukankha dothi kuti itseke, ndipo dothi likayamba kugwedezeka pakhomo mumaponya khasu kumbuyo kwake kuti isabwerere. Ambiri amalephera chifukwa choyendayenda pafupi, popeza kanyamaka kamamva mgugu wa mapazi m'nthaka, kapena chifukwa chotsegula kamulu kakale ka njira imene idasiyidwa. Musaigwire ndi manja, mano aja amaluma mpaka pafupa. Msampha umatcheredwanso chimodzimodzi, m'kati mwa njira yotsegulidwa. Nthawi yabwino ndi kumayambiriro kwa dzinja, dothi litafewa ndipo timilu tatsopano tikuoneka m'mawa uliwonse. M'chilimwe imakankhira dothi m'njira zakale, osalitulutsa kunja, ndipo munthu amayesa kuti yachoka.

Kuthira madzi m'una kumatha ndowa zambiri popanda phindu m'dothi lamchenga, ndipo utsi imautsekera ndi dothi. Poizoni wa makoswe wogulitsidwa m'timapepala pamsika ndiye woyenera kupewedwa kotheratu. Amapha agalu, nkhuku ndi akadzidzi, amatha kulowa m'chinangwa chomwe ana angazule, ndipo mfuko yofa nayo ingathe kukathera m'poto wa munthu.

Ombwe umathandiza. Ofufuza a ku Zambia adaona kuti minda ya chinangwa yodzalidwa ombwe m'malire ndi m'kati imawonongeka pang'ono. Dzalani motalikirana mita imodzi kuzungulira munda, mutayamba mwagwira mfuko zimene zili kale m'katimo, ndipo musayembekezere zotsatira mizu isanakhazikike. Pali zosamala ziwiri. Masamba ake amapha nsomba, choncho asatayidwe mumtsinje kapena m'dziwe. Mizu yake imasunganso tinyongolotsi totupitsa mizu, timene timavutitsa tomato ndi fodya, motero mbewu zimenezi zisatsatire pamalo pomwe padali ombwe. Kukumba chinangwa chikangokhwima ndi kusinthanitsa ndi chimanga kapena mpunga wa kumtunda kumachepetsanso chakudya chake.

Sphagnum nayo imafika ku Salima ndi ku Nkhotakota, koma m'matumba. Dothi lopepuka lofeseramo mbande m'mathireyi, lochokera kunja, nthawi zambiri limakhala ndi peat yokumbidwa m'madambo a kumpoto kwa dziko lapansi. Limagwira ntchito bwino, koma kwa nazale ya m'mudzi si lofunikira, ndipo likauma kwambiri limakana madzi, amangodutsa m'mbali mbande n'kufota. Kuno mankhusu a mpunga ali mulumulu pa zigayo. Awotcheni pang'onopang'ono, mukuwatembenuza, mpaka ade bii koma asasanduke phulusa loyera, kenako azimitseni ndi madzi n'kuwatsuka. Sakanizani gawo limodzi la mankhusuwo, limodzi la manyowa owola bwino osefedwa, ndi magawo awiri a dothi lapamwamba. Manyowa osawola amatentha mizu ndi kubweretsa matenda ofooletsa mbande patsinde, ndipo mankhusu akachuluka kuposa gawo limodzi pa atatu, chubu chimauma dzuwa lisanapendeke. Poyesa, finyani chosakanizacho chili chonyowa: chigwirane m'dzanja, koma chimwazike mukachigogoda ndi chala.